Wosunga chuma cha masiye azitionetsa kope

Maliro akagwa kuno kwathu ku Angónia, ku Tsangano kapena ku Macanga, ntchito iliyonse imapeza mwini wake dzuwa lisanalowe. Adzukulu amadziwa kuti kumanda n'kwawo, amayi amathamangira nkhuni ndi madzi, a mpingo amayamba nyimbo, ndipo pakhomo pamakhala mnyamata wa mbale ndi kope, kulemba chipepeso: auje apereka 50 meticais, auje abwera ndi lichero la ufa. Pomaliza kopelo limawerengedwa pagulu, ndipo ndalama ikaperewera ngakhale pang'ono, anthu amafunsa mopanda manyazi. Koma ng'ombe, ngolo, njinga yamoto ndi chigayo zimene malemu wasiya, palibe amene amazilemba. Zimangogwera m'manja mwa munthu amene wayamba kunena kuti "ndisunga ndine", ndipo kuchokera tsiku limenelo palibenso womufunsa. Ine ndikuti apa m'pamene chuma cha masiye chimathera. Akuba enieni ndi ochepa pakati pathu. Ochuluka ndi anthu wamba amene anapatsidwa katundu wa eni popanda kuwerengerana, zaka n'kumapita, iwo n'kuyamba kukhulupirira kuti ndi wawo.

Zimayamba usiku woyamba womwewo pasiwa. Mayi wofedwa ali chigonere pamphasa, wafunda chitenje kumutu, maso atupa. Mchimwene wa malemu amagwada pambali pake n'kunena motsitsa mawu: "Alamu, inu muli pachisoni, makiyiwa ndi foniyi tiyambe tasunga ife." Mawuwo ndi aulemu, mwinanso mtima wake pa nthawiyo ndi wabwino. Mayiyo sangakane, chifukwa mkazi amene angatchule za makiyi mwamuna wake asanaikidwe, mawa lake mudzi wonse unena kuti ndiye wamudya. Mufoni muja muli ndalama za ku M-Pesa kapena e-Mola, ndipo nambala yachinsinsi mchimweneyo amaidziwa popeza malemu ankamutuma. Pofika tsiku la kumeta, zina zapita ku bokosi, zina ku ndiwo za anthu, zina sizikudziwika kumene zalowera, ndipo njinga yamoto ija yayamba kale kabaza pa msewu wa ku Calómuè, ndalama zake osaoneka pakhomo pa ana.

Chikhalirecho lamulo la dziko lino la Mozambique silinausiye mpando umenewu wopanda mwini. Lei das Sucessões, lamulo la za chuma cha masiye, ya nambala 23/2019, imene inatuluka pa 23 Disembala 2019, imati kuyambira tsiku limene munthu wamwalira kufikira tsiku logawa, chuma chake chikhale ndi wochiyendetsa, amene m'maofesi amamutchula kuti cabeça-de-casal. Woyamba kuitanidwa pa udindowu ndi mkazi kapena mwamuna wotsalayo. Mayi uja wagona pamphasa ndi amene lamulo likufuna kuti asunge makiyi. Iye akalephera kapena akakana, m'pamene udindo umapita kwa munthu amene malemu anamusankha polemba chikalata chonena mmene chuma chake chidzagawidwire, kenako kwa abale amene ali olowa chuma, kuyambira wapafupi kwambiri. Pakakhala ana, mchimwene wa malemu salowa nawo chumacho, choncho pamzerewu palibepo. Kale zinali zina. Código Civil ya 1966, imene anatisiyira Apwitikizi, inkaika mkazi wamasiye pa nambala 4, pambuyo pa ana, pa makolo, ndi pa abale a malemu pamodzi ndi ana awo. Lero mkazi kapena mwamuna wotsala amalowa limodzi ndi ana, poyambirira penipeni. Ambiri mwa akuluakulu amene amakhala pabwalo tsiku la kumeta sanamvepo kuti zinasintha, paja lamulolo linalembedwa m'Chipwitikizi.

Palinso china chimene timadumpha. Si chilichonse chopezeka pakhomo pa malemu chimene chili chuma cha masiye. Ngati awiriwa sanasankhe njira ina pokwatirana, zimene anapeza ali limodzi ndi za onse awiri, ndipo theka lake ndi la wotsalayo kale, si chifundo cha abale ayi. Chigayo chimene chinagulidwa ndi ndalama za fodya amene mayiyu ankathirira kunazale, kusoka m'chigafa ndi kusankha mpaka msana kuwawa, theka lake limaikidwa kaye padera. Theka linalo ndilo ligawidwe, iyenso n'kulandirako pamodzi ndi ana. Woyendetsa chuma amene sadziwa zimenezi amalakwitsa pa chiyambi pomwe, ngakhale atakhala wokhulupirika chotani.

Ntchito yake ndi yotopetsa, ndipo lamulo silinaiikire malipiro. Imayamba ndi kukalembetsa imfa ku Registo Civil kuti patuluke certidão de óbito, kalata yotsimikiza imfa, chifukwa popanda pepala limeneli ku banki sangakumvereni, ku INSS, bungwe loona za penshoni ya antchito, sangakumvereni. Kenako pamafunika habilitação de herdeiros kwa notário, mkulu wotsimikiza zikalata mwalamulo, pamene pamalembedwa kuti olowa chuma ndi auje ndi auje, palibenso wina wowaposa. Pali msonkho wa chuma chosiyidwa, umene umafuna kuti katundu akanenedwe ku Finanças, ofesi ya misonkho. Ngati malemu ankagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize kapena ku kampani ina iliyonse yodula INSS, pali penshoni ya otsala, ndipo imeneyi ndi ya mkazi ndi ana, abale sagawanako. Mapepala onsewa amafuna munthu woleza mtima, wotha kuima pamzere, kubwezedwa, n'kubweranso sabata yamawa.

Ndiye pali ngongole. Mlimi wa fodya akamwalira mu Januwale, amasiya fodya m'munda ndi ngongole ya feteleza ndi mbewu ku kampani, imene idzadulidwa pogulitsa. Wina aonetsetse kuti fodyayo wathyoledwa, wauma, wadindidwa, wagulitsidwa, ngongole yadulidwa, ndipo chotsala chalembedwa. Amasiyanso aganyu osalipidwa, ndi anthu amene iye anawakongoza, amene amakhala duu akamva kuti wamwalira. Woyendetsa chuma alondole za malemu, alipire za eni, kugawa kubwere pambuyo. Achenjerenso ndi obwera pamaliro ndi ngongole zapakamwa zopanda mboni, ndipo adziwe kuti ngongole ya malemu imalipidwa ndi chuma cha malemu. Chikatha, ana sagulitsa mbuzi zawo kuti amalize. Zowonongeka msanga monga mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato wa kudimba, lamulo limamulola kugulitsa, popeza sizingadikire tsiku logawa. Koma nyumba, ng'ombe za m'khola, chigayo, zimenezo sangagulitse yekha. Olowa chuma onse avomere.

Ndipo chaka chilichonse, malinga ngati chuma sichinagawidwe, lamulo limafuna kuti afotokoze: chalowa n'chiyani, chatuluka n'chiyani, chatsala n'chiyani. Pa zonse zimene zili m'lamulomo, ichi ndiye ndimachiona chachikulu, ndipo ndi chimene timachita nacho manyazi kwambiri. Timaona ngati kufunsa amalume kuti chigayo chinapanga zingati chaka chino ndi kuwanyoza. Komatu msungichuma wa kumpingo timamufunsa, wa gulu lathu losunga ndalama timamufunsa pamaso pa anthu onse, ndipo palibe amati wanyozedwa. Kope wamba la ana a sukulu likwanira. Tsamba loyamba lilembedwe tsiku la kumeta lisanafike, pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi anyakwawa: ng'ombe zingati, zazikazi zingati, ya mawanga ija, yothyoka nyanga ija, matumba angati a chimanga, malata angati ali kuseri kwa nyumba, nambala ya njinga yamoto, mufoni munali zingati usiku wa imfa. Aliyense asaine kapena adinde chala, wina ajambule tsambalo n'kutumizira mwana amene ali ku Beira kapena ku Johannesburg. Kopeli limateteza wosunga wachilungamo kuposa wina aliyense, chifukwa ana akadzakula n'kumuloza chala, adzakhala ndi chowaonetsa. Wosakhulupirika lamulo lili naye ndi chochita. Khoti likhoza kumuchotsa pa udindo, ndipo wolowa chuma amene wabisa dala katundu amataya gawo lake pa katundu wobisidwayo.

Munthu angathe kupeputsa zambiri mwa izi akadali moyo, polemba testamento, chimene anzathu a ku Malawi amati wilo, n'kutchulamo munthu wodzaonetsetsa kuti zolembedwazo zachitika. Ameneyu ndi testamenteiro. Amayang'anira maliro monga malemu anafunira, amalondola kuti aliyense wotchulidwa walandira chake, ndipo wina akatsutsa chikalatacho kukhoti, iye amachiimira. Naye si mwini chuma, naye amafotokoza. Njira zodziwika ndi ziwiri: notário kulemba m'buku lake zimene mwamuuza, kapena inu kulemba panokha n'kupita nacho kwa notário kuti achivomereze. Kapepala kobisa pansi pa matilesi, kapena mawu onong'oneza mng'ono wanu kuchipatala, khoti silidzaziwerenga ngati testamento. Komanso simungalembe mwa kufuna kwanu kuti ana ndi mkazi asalandire kanthu. Lamulo linawasungira gawo limene simungalikhudze, ndipo chimene mungapereke kwa mphwanu, kwa mwana wa mlongo wanu kapena kumpingo ndi chotsalacho.

Posankha munthuyu ambiri amayang'ana imvi. Ine ndingayang'ane zina. Kodi amatha kulemba ndi kusunga malisiti? Kodi alibe ngongole zomupanikiza? Kodi angathe kuuza mkulu wake kuti "ayi achimwene, izi si zathu"? Mwana wanu wamkazi amene amaphunzitsa ku pulayimale akhoza kuigwira bwino ntchitoyi kuposa mkulu wa banja amene aliyense amamuopa. Ndipo mumufunse kaye, chifukwa lamulo limamulola kukana. Ena amati kulemba za imfa ndi kudziitanira imfa. Mantha amenewa ndimawamva, koma ndikadakonda tikanaopa kwambiri kusiya ana athu akulimbana ndi abale athu.

Ife a m'malire timasokonezekanso ndi za kwa anansi. Wayilesi zambiri zimene timamvera n'za ku Malawi, ndiye timamva za executor ndi trustee, za Administrator General ndi bwanamkubwa, za lamulo lawo la 2011 limene limalanga olanda chuma cha masiye. A ku Chifunde ndi Marávia amamva za ku Zambia, kumene lamulo la 1989 limagawa chuma cha womwalira osalemba wilo mwa maperesenti: 50 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna, 20 kwa makolo, 10 kwa ena odalira malemu. Munthu n'kuimirira pabwalo kuno n'kumagawa ng'ombe ndi maperesenti a ku Chipata. Malamulo amenewo ndi a kwawoko, khoti la kuno silidzawatsata. Koma ngati malemu anali ndi nyumba ku Dedza kapena akaunti ku Lilongwe, woyendetsa chuma akonzeke kuwoloka, chifukwa kumeneko adzafuna mapepala a kumeneko.

Udindo wolemera koposa ndi wosunga gawo la ana aang'ono, chifukwa sumatha pa miyezi. Mwana wa zaka 4 adzadikira zaka zambiri asanagwire chake. Pamenepa m'pamene a ku Malawi amaika trustee, munthu wosungira mwana chuma chake. Kwathu kuno lamulo limadalira kholo lotsala, ndipo makolo onse akapita pamaikidwa tutor, wolera mwanayo mwalamulo, amene makolowo angathe kumutchuliratu mu testamento, pamodzi ndi kabungwe ka abale, conselho de família, komuyang'anira. Pakakhala ana aang'ono kugawa kumadutsa kukhoti, ndipo Procuradoria, ofesi ya oimira boma pa milandu, imaimira anawo. Ngakhale mayi wawo wowabala sangagulitse nyumba ya ana popanda chilolezo cha khoti. Izi zimamveka zokhwima, koma taganizani zimene zimachitikira ng'ombe ya mwana wamasiye ikapita kukhola la atsibweni ake. Imaswa, ndipo ana ake ndi a mwini ng'ombe, koma sawerengedwa. Imakoka ngolo pa ganyu, ndalama siilembedwa. Patapita zaka mwanayo amauzidwa kuti "ija inafa ndi matenda a nkhupakupa", popanda amene anaona chikopa, pamene iye anasiya sukulu ali kalasi 7 chifukwa chosowa yunifolomu. Wosunga chuma cha mwana amaloledwa kugwiritsa ntchito phindu lake podyetsa, kuveka ndi kuphunzitsa mwanayo, ndipo n'zoona kuti kulera mwana wa mbale kumadya ndalama. Angozilemba basi. Ng'ombe ikafa aitane mboni zione. Asasakanize ndalama za mwana ndi za geni yake, ngakhale mtima wake wonse ukumuuza kuti adzabweza akakolola.

Ndikudziwa yankho limene akuluakulu angandipatse, ndipo si lopanda nzeru. Adzati ife Achewa tili ndi mwini mbumba, ana ndi a kuchikazi, amalume ndiwo amawaona, ndipo Angoni amene analowola ali ndi njira yawonso, boma lisalowerere. Mwambo umenewu unapulumutsa ana ambiri, ndipo pamene unkagwira bwino, wotenga khasu la malemu ankatenganso udindo wodyetsa amene malemuyo ankawadyetsa. Chimene chasintha ndi chumacho. Kale panali khasu, nkhwangwa, nkhokwe ndi munda wa makolo. Lero pali nyumba ya malata ku Ulongwe, chigayo, akaunti ya ku banki, zinthu zimene anthu awiri anazipeza ndi thukuta lawo, ndipo ofuna kutenga achuluka pamene ofuna kulera achepa. Constituição ya 2004, malamulo aakulu a dziko lino, imavomereza mafumu ndi njira zathu zoweruzira, bola zisatsutsane ndi mfundo zake, ndipo imodzi mwa mfundozo ndi yakuti mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa lamulo. Lamulo la nthaka la 1997 limati nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa, koma ufulu woigwiritsa ntchito, DUAT, umapita kwa olowa chuma posayang'ana kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Tsono sindikuti amalume ndi ankhoswe achoke pabwalo. Akhalepo, akhale mboni, afunse mafunso. Iwo ndi amene amadziwa kuti ng'ombe iyi inali ya agogo, inangobwerekedwa, ndipo dimba ili ndi la mbumba. Zimenezo azinene pagulu, zilowe m'kope.

Amatinso mkazi akasudzulidwa adzakwatiwa kwina, chuma n'kukadyedwa ndi mwamuna wachilendo. Zimachitika ndithu. Mankhwala ake ndi kulemba gawo la ana padera, ndipo mayiyo naye azifotokoza chaka ndi chaka monga angachitire wina aliyense. Kumulanda sikuteteza ana, kumangowasandutsa amasiye kawiri. Kope lomwelo ndikulifuna kwa mayi wamasiye, kwa bambo wamasiye amene wakwatira msanga, ndi kwa amalume. Ndipo tisaiwale mkamwini amene mkazi wake wamwalira, n'kuuzidwa kuti anyamule bulangete azipita kwawo, kusiya nyumba imene anaumbira njerwa ndi manja ake. Lamulo lomweli likumutetezanso.

Chovuta chenicheni ndi mtunda ndi ndalama. Kuchokera kumidzi ya ku Dómuè kapena mkati mwa Marávia kukafika ku ofesi ya notário pamafunika ya ulendo, ya mapepala, ndi wina wodziwa Chipwitikizi. Banja limene lasiyiridwa mbuzi zitatu ndi njinga yakapalasa silingawononge zonsezo pa ulendo, ndipo sindikulikakamiza. Pabwalo la amfumu kapena pa tribunal comunitário, makhoti a m'madera amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, nkhani zazing'ono zikhoza kutha mwamtendere, bola zilembedwe ndipo mayi wamasiye aloledwe kulankhula yekha. Koma pamene pali nyumba, akaunti kapena ana aang'ono, ulendowo ngwofunika, ndipo ofesi ya boma yotchedwa IPAJ inaikidwa kuti ithandize mwaulere amene sangakwanitse kulipira loya. Boma nalo lili ndi ngongole kwa ife. Lamulo la 2019 lifotokozedwe m'Chinyanja pa wayilesi za m'madera, ndipo mafumu ndi anyakwawa, amene ndiwo amafika pamaliro aliwonse, aphunzitsidwe zimene likunena.

Pamene ndikuona kuti woyendetsa chuma adzavutikabe, ngakhale akhale wachilungamo, ndi pa mitala ndi pa ana osalembetsa. Lei da Família, lamulo la za mabanja, imadziwa ukwati wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi. Ukwati wa pamudzi kapena wa kutchalitchi umafunika kukalembetsedwa, ndipo ongokhalira limodzi amawerengedwa pakapita zaka 3. Mayi wa nyumba yaing'ono, ngakhale analima nawo zaka 20, lamulo silimuwerenga ngati mmene limawerengera mkazi wa ukwati. Ana ake okha ndiwo ofanana ndi a nyumba yaikulu, pakuti lamulo silisiyanitsa ana obadwira m'banja ndi obadwira kunja. Koma mwana amene dzina la bambo ake silinalembedwe pa kalata yake ya kubadwa amayamba watsimikiza kuti ndi wa malemu, ndipo umboni umenewo umavuta mwini wake atagona kale kumanda. Abambo amene muli ndi nyumba ziwiri, kalembetseni ana anu onse ku Registo chaka chino, ndipo gawo limene lamulo limakulolani kupereka mwa kufuna kwanu, kalembeni kwa notário kuti mayi wa nyumba yaing'onoyo adzakhale ndi pogona ndi polima.